LUCA PACIOLI NDI BUKU LA MBALI ZIWIRI

M'mwezi wa November caka ca 1494 munacitika zinthu ziwiri m'dziko la Italy zimene ophunzira za kasungidwe ka cuma amazikumbukira kufikira lero. Mu mzinda wa Florence anthu anaukira banja la Medici ndi kulipitikitsa, ndipo banki ya banjali, imene inayambidwa m'caka ca 1397 ndi kuchuka mu Ulaya yense, inatheratu. Mwezi womwewo mu mzinda wa Venice, makina osindikizira a Paganino de Paganini anatulutsa buku lalikulu la masamu. M'kati mwa bukulo munali masamba 27 ofotokoza mmene munthu wamalonda ayenera kulembera mabuku ake a ndalama kuti asanamizidwe ndi anchito ake, ndi anzake a pa malonda, kapena ndi mutu wake womwe umene umaiwala. Wolemba bukulo sanali mwini sitolo kapena mwini banki. Anali mphunzitsi wa masamu, munthu wa chalichi amene analumbira kukhala mu umphawi, dzina lake Luca Pacioli.

Pacioli anabadwa ca m'ma 1447 m'tauni yaing'ono imene lero ichedwa Sansepolcro, m'cigawo ca Tuscany. Masiku amenewo Italy sanali dziko limodzi lokhala ndi boma limodzi ai. Mzinda uli wonse waukulu unali ndi mfumu yake kapena bungwe lake lolamulira, ndalama zake ndi miyeso yake. Munthu wogula nsalu ku Florence kuti akagulitse ku Venice anayenera kudziwa kusintha ndalama za kuno kukhala za uko, ndi muyeso wa kuno kukhala wa uko. Akalephera pamenepo anali kubwerako cimanja-manja. Cifukwa ca ici m'mizindamo munali masukulu ophunzitsa masamu a malonda, ndipo ana anali kuphunzira m'cinenero ca makolo awo, osati m'Cilatini cimene cinali ca ansembe, oweruza ndi madokotala. Makolo a Pacioli sanali olemera, ndipo mnyamatayo anakulira m'nyumba ya banja lina la m'tauni momwemo lochedwa Befolci. Maphunziro ake oyamba anali a mtundu umenewu, masamu a pa msika.

Manambala amene anali kuphunzira sanali akale kweni-kweni mu Ulaya. Anacokera ku India, napitira kwa Aluya. Mtaliyana wina wochedwa Leonardo Fibonacci anawaphunzira ali mnyamata pa doko la Bugia, kumpoto kwa Afrika, m'dziko limene lero ndi Algeria, ndipo anawafotokoza m'buku lake la m'caka ca 1202. Ngakhale zinali tero, anthu anatenga nthawi yaitali kuti awakhulupirire, kotero kuti m'caka ca 1299 bungwe la osintha ndalama ku Florence linaletsa anthu ake kulemba manambala atsopanowa m'mabuku ao.

Ca m'ma 1464 Pacioli anasamukira ku Venice, mzinda womangidwa pa tizilumba, kumene anthu amayenda ndi mabwato m'malo mwa ngolo. Zombo za mzindawu zinali kubweretsa tsabola, thonje ndi nsalu zofewa kucokera ku madoko a kum'mawa, ndipo amalonda a maiko a kumpoto anali kudzagula pamenepo. Iye anapeza nchito m'nyumba ya wamalonda wolemera, Antonio Rompiasi, yophunzitsa ana ake amuna atatu. Pa nthawi yomweyo iye mwini anali kupita kukamvera maphunziro a Domenico Bragadin pa sukulu ya ku Rialto, pafupi ndi msika waukulu. Zaka zimenezi ndizo zinamuumba. Anakhala m'nyumba mmene katundu anali kulowa ndi kutuluka tsiku ndi tsiku, naona ndi maso ake mmene mabuku anali kulembedwera. M'caka ca 1470 analembera ana a Rompiasi buku la masamu, loyamba pa mabuku ake onse, koma linatayika.

Atacoka ku Venice anakakhala miyezi ingapo ku Rome monga mlendo wa Leon Battista Alberti, katswiri wa zomanga-manga, ndipo patapita zaka zowerengeka analowa m'cipani ca abale a Francis Woyera wa ku Assisi. Kungaoneke kodabwitsa kuti munthu wolumbirira umphawi anathera moyo wake pa kuphunzitsa za ndalama, koma abale a cipanici anali kukhala m'matauni pakati pa anthu ogula ndi kugulitsa, ndipo anali kudziwa bwino mmene nkhongole inali kupwetekera amphawi. Ndi ulaliki wao umene unacititsa kuti m'caka ca 1462 mu mzinda wa Perugia mutsegulidwe nyumba yokongoza osauka ndalama pa cikole, kuwapulumutsa kwa okongoza a katapira.

Ku Perugia komweko ndi kumene Pacioli anakhala mphunzitsi wa masamu pa yunivesite m'caka ca 1477. Sanali munthu wokhazikika pamodzi. Anaphunzitsa ku Zara, tsidya lina la nyanja m'dziko limene lero ndi Croatia, kenaka ku Naples ndi ku Rome. Pamene anabwerera kwao sanalandiridwe bwino ndi onse. Anali atalandira ufulu wina wapadera kwa Papa, abale anzake nacita nsanje, ndipo m'caka ca 1491 analetsedwa kuphunzitsa m'tauni yobadwira. Koma m'caka ca 1493 anthu a komweko anamupempha kuti awalalikire m'nyengo ya Lenti. M'zaka zimenezi anali kutsiriza buku lake lalikulu, ndipo m'caka cotsatira anapita nalo ku Venice kukayang'anira yekha kusindikizidwa kwake.

Dzina la bukuli ndi lalitali, koma anthu amalidula ndi kulichula Summa, ndiko kunena kusonkhanitsa pamodzi. Liri ndi masamba oposa 600, ndipo munalowa pafupi-fupi zonse za masamu zimene zinali kudziwika ku Italy pa nthawiyo, zambiri zotengedwa kwa Euclid wa ku Greece ndi kwa Fibonacci. Cinthu cacikulu ndi cakuti Pacioli, amene anali kudziwa Cilatini bwino lomwe, anasankha kulemba m'Citaliyana ca anthu wamba. Muli malamulo ambiri othandiza pa malonda. Limodzi mwa iwo likali kugwiritsidwa nchito: munthu wofuna kudziwa zaka zimene ndalama yoikidwa pa ciongola-dzanja idzatenga kuti iwirikize kawiri agawe 72 ndi ciwerengero ca ciongola-dzanjaco. Ngati pa 100 iri yonse pawonjezeka 6 pa caka, ndipo zowonjezekazo sizicotsedwa, ndalamayo idzawirikiza m'zaka 12.

Koma cimene casunga dzina lake ndi kagawo kang'ono kaja ka mitu 36 konena za mabuku a wamalonda. Pacioli anayamba ndi kuchula zinthu zitatu zofunika kwa munthu wofuna kucita malonda. Coyamba ndi mpamba, ngakhale anavomereza kuti ambiri anayamba opanda kanthu nalemera cifukwa anthu anali kuwakhulupirira ndi kuwakongoza. Caciwiri ndi kudziwa masamu. Cacitatu, cimene anacitayira nthawi yambiri, ndi dongosolo, kuti cinthu ciri conse cilembedwe pamalo pake ndi kupezeka msanga cikafunika.

Asanagule kapena kugulitsa kanthu, wamalonda alembe zonse zimene ali nazo, ndipo acite zimenezi tsiku limodzi lomwelo, kuti cinthu cisawerengedwe kawiri kapena kudumphidwa. Ayambe ndi zamtengo wapatali zosavuta kutayika monga ndalama ndi miyala ya mtengo, kenaka zovala, zogonera, katundu wa m'nkhokwe, nyumba ndi minda. Alembenso onse amene ali naye nkhongole, kusiyanitsa amene adzabweza ndi amene ali okayikitsa, ndipo potsiriza alembe nkhongole zake za iye mwini.

Pambuyo pake pafunika mabuku atatu. Loyamba ndi buku la cikumbutso, limene likhala poyera. M'menemo mulembedwa ciri conse cocitika, pa nthawi yomwe cacitika, ndipo mwini akacokapo angalembemo wanchito, mnyamata wophunzira malonda, kapena amai a m'nyumbamo ngati adziwa kulemba. Laciwiri ndi buku la tsiku ndi tsiku, limene mwini alisunga yekha. Amatenga za m'buku loyamba ndi kuzilembanso mwacidule, atasintha ndalama za mitundu-mitundu kukhala za mtundu umodzi, ndi kusonyeza pa nkhani iri yonse amene walandira ndi amene wapereka. Ku Venice anali kuika liu lakuti Per patsogolo pa wolandira, ndi lakuti A patsogolo pa wopereka. Lacitatu ndi buku lalikulu. M'menemo munthu ali yense wocita naye malonda ali ndi malo ake, ndiponso zinthu zopanda moyo zimapatsidwa malo monga ngati ndi anthu: bokosi la ndalama, tsabola, nsalu, mpamba, zowonongedwa pa nyumba. Malo ali onse ali ndi mbali ziwiri, kumanzere kwa zolandira ndi kumanja kwa zopereka.

Lamulo lake ndi limodzi cabe. Nkhani iri yonse ilembedwe kawiri m'buku lalikulu, kamodzi kumanzere kwa wina, kamodzi kumanja kwa wina, ndi ciwerengero cofanana. Mwacitsanzo, wamalonda wa ku Venice ayamba ndi ndalama za golide za kumeneko zochedwa ducat zokwanira 500. Bokosi lalandira, motero 500 ilembedwa kumanzere kwa Bokosi. Mpamba ndiwo wapereka, motero 500 ilembedwa kumanja kwa Mpamba. Agula tsabola wa 200 nalipira pomwepo: 200 kumanzere kwa Tsabola, 200 kumanja kwa Bokosi. Agulitsa tsabola yenseyo kwa mwini sitolo wina pa mtengo wa 260, koma pa nkhongole: 260 kumanzere kwa mwini sitoloyo, 260 kumanja kwa Tsabola. Tsopano buku liyamba kuyankha mafunso. M'bokosi muyenera kukhala 300, ndipo ngati mwapezeka 290 pali wina wofunika kufunsidwa. Mwini sitolo ali ndi nkhongole ya 260. Tsabola analandira 200 napereka 260, ndiye kuti wabweretsa phindu la 60, ngakhale kuti ndalamazo sizinafike m'manja. Zonse za kumanzere zikasonkhanitsidwa zikwana 960, za kumanja 960. Zikasiyana, pali colakwa m'buku, ndipo ciyenera kufunidwa kufikira citapezeka.

Pacioli anali kudziwa mtima wa munthu, ndipo malangizo ake ambiri ndi otseka njira za cinyengo. Masamba a mabuku aikidwe manambala kuti wina asang'ambemo tsamba. Mabuku atsopano atengedwe ku ofesi ya amalonda, monga momwe anali kucitira ku Perugia, kuti kalaliki wa kumeneko alembe kuculuka kwa masamba ndi kudinda cidindo. Anadandaula kuti panali ambiri osunga mabuku awiri-awiri, lina loonetsa wogula ndi lina loonetsa wogulitsa. Colakwa cisafufutidwe ai, koma cikonzedwe ndi kulemba ciwerengero comweco ku mbali inayo ndi kuikapo cizindikiro, kuti wodzawerenga aone colakwaco ndi kukonzedwa kwake komwe. Ndalama zodyera pa nyumba zisasokonezedwe ndi za malonda. Munthu wopatsidwa sitolo kuti ayendetse, kapena wotumidwa pa ulendo ndi katundu, alembedwe monga wa nkhongole kufikira atafotokoza zonse. Asanatseke mabuku, anthu awiri akhale pansi, wina kuwerenga buku la tsiku ndi tsiku mokweza, wina kuconga m'buku lalikulu, mzere ndi mzere. Ndipo mabuku atsekedwe caka ndi caka, maka-maka pamene anthu asonkha mpamba pamodzi, pakuti ubwenzi wa otere umatha msanga pamene kuwerengerana kwacedwa.

Apa ndi pamene nkhani ya banki ya Medici ilowera. Banki imeneyo inali kusunga mabuku a mbali ziwiri kale lomwe Pacioli asanalembe kanthu. Inali ndi nthambi ku Rome, Venice, Milan, Lyon, Bruges ndi London, ndipo woyang'anira nthambi iri yonse anali kutumiza ciwerengero ca caka ku Florence. M'masiku a Cosimo de' Medici, amene anamwalira m'caka ca 1464, ziwerengerozo zinali kusanthulidwa mosamala, maka-maka maina a okongola. Mdzukulu wake Lorenzo anaika mtima pa ndale ndi pa zaluso, nasiya banki m'manja mwa Francesco Sassetti, amene analekerera oyang'anira nthambi kucita zofuna zao. Nthambi ya ku London inamira ndi nkhongole za mfumu Edward IV ndi nduna zake. Tommaso Portinari wa ku Bruges anakongoza ndalama zambiri kwa Charles, mfumu ya ku Burgundy, amene anafera ku nkhondo m'caka ca 1477 asanabweze. Woyang'anira ku Lyon anali kusonyeza phindu limene kunalibe, mwa kusunga m'mabuku nkhongole zakufa monga ngati zidzabwezedwa. Zonsezi anazifukula ndi Raymond de Roover, wophunzira wocokera ku Belgium, amene anawerenga mabuku otsala a bankiyo nafalitsa zimene anapeza m'caka ca 1963. Bodza lolembedwa kumanzere ndi kumanja komwe limalingana bwino-bwino monga zoona, ndipo mabuku a ku Lyon sanathe kudziulula okha popanda munthu wa ku likulu wowafunsa mafunso.

Summa inamuchukitsa Pacioli. M'caka ca 1496 anaitanidwa ku Milan ndi wolamulira wa kumeneko, Ludovico Sforza, ndipo pa bwalo lake anakumana ndi Leonardo da Vinci, wojambula wamkulu uja, amene anagula buku la Summa nalemba mtengo wake m'zolemba zake. Awiriwa anakhala mabwenzi. Pacioli anaphunzitsa Leonardo masamu, ndipo Leonardo anamujambulira zithunzi pafupi-fupi 60 za m'buku lina lochedwa De divina proportione, lonena za kulingana kwa miyeso m'zomangidwa ndi m'zolengedwa. M'caka ca 1499 asilikali a ku France analanda Milan, ndipo pa kutha kwa cakaco awiriwa anacoka pamodzi, nadzera ku Mantua ndi Venice kufikira ku Florence, kumene Pacioli anaphunzitsa zaka zingapo.

Buku la zithunzilo ndilo linadetsa mbiri yake. M'caka ca 1550 Giorgio Vasari, wolemba mbiri za ojambula, anamuneneza kuti anaba nchito ya Piero della Francesca, wojambula ndi katswiri wa masamu wa kwao ku Sansepolcro, amene anamwalira m'caka ca 1492. Ophunzira a pambuyo pake anayerekeza zolemba za awiriwa, napeza kuti gawo lacitatu la bukulo ndi kabuku ka Piero kotembenuzidwa kucokera m'Cilatini, kopanda dzina la mwini wake. Mlanduwo ndi woona, ndipo kunena kuti masiku amenewo olemba anali kutengerana momasuka sikuucotsa wonse, pakuti Piero anali mkulu wa kwao amene Pacioli anamudziwa ndi kumutamanda m'malo ena.

Pa za mabuku a ndalama palibe mlandu wotere, cifukwa iye mwini ananena poyera kuti anali kufotokoza njira ya ku Venice, yosakhala yake. Amene amamucha woyambitsa njirayi alakwa. Mabuku a kampani ya Farolfi ya amalonda a ku Florence, a zaka za 1299 ndi 1300, asonyeza kale mbali ziwirizi, cimodzi-modzinso mabuku a boma la mzinda wa Genoa a m'caka ca 1340. Benedetto Cotrugli wa ku Ragusa analembako mwacidule za njirayi m'caka ca 1458, koma buku lake linakhala lolembedwa pa manja kufikira 1573. Nchito ya Pacioli inali ya mphunzitsi. Anatenga luso limene mnyamata anali kuliphunzira mwa kukhala zaka m'nyumba ya wamalonda kapena mwa kulipira mphunzitsi, nalifotokoza kuyambira poyamba kufikira potsiriza, nalipereka kwa makina osindikizira. Summa inasindikizidwanso m'caka ca 1523. M'caka ca 1543 ku Antwerp kunatuluka buku la Jan Ympyn ndipo ku London la Hugh Oldcastle, onse otsata mapazi ake, ndipo kwa zaka mazana Angelezi anali kuicha njira ya Citaliyana. Kalaliki wa banki, wa kampani kapena wa kopaletivu amene lero alemba kumanzere ndi kumanja atsata lamulo lomwelo, ndipo makompyuta osunga ziwerengero za makampani anakonzedwa pa maziko omwewo.

Ophunzira akhala akutsutsana za kukula kwa mphamvu ya njirayi. Werner Sombart wa ku Germany, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, anaphunzitsa kuti popanda mabuku a mbali ziwiri malonda akulu-akulu a masiku ano sakadabadwa, pakuti ndi mabukuwa amene analekanitsa cuma ca kampani ndi thumba la mwini wake, naphunzitsa anthu kuona mpamba ndi phindu monga manambala. Basil Yamey, wobadwira ku Cape Town amene anaphunzitsa ku London School of Economics, anamutsutsa m'caka ca 1949 atasanthula mabuku eni-eni a amalonda akale. Anapeza kuti ambiri a iwo sanali kutseka mabuku caka ndi caka kapena kuwerengera phindu lonse, ndi kuti anali kuwasunga maka-maka pofuna kudziwa amene ali nao nkhongole ndi amene iwo ayenera kulipira. Umboni wa Yamey ndi wolimba, ndipo usonyezanso kuti langizo la Pacioli lotseka mabuku caka ndi caka linatenga zaka mazana kuti likhale mwambo wa onse.

Pacioli anakalamba akali kuphunzitsa. Pa 11 August 1508 anakamba za masamu a Euclid m'chalichi ca San Bartolomeo ku Venice pamaso pa anthu pafupi-fupi 500, ndipo m'caka ca 1509 anasindikiza mabuku a Euclid pamodzi ndi buku lija la zithunzi za Leonardo. M'caka ca 1514 Papa Leo X anamuitana kukaphunzitsa ku Rome. Anamwalira m'caka ca 1517, ali ndi zaka pafupi-fupi 70.

Anasiya mabuku ena osasindikizidwa. Limodzi, la miyambi ya manambala ndi masewera odabwitsa anthu, lisungidwa pa yunivesite ya Bologna. Lina, lonena za masewera a chesi, linali kuyesedwa lotayika kufikira m'caka ca 2006 pamene linapezeka pakati pa mabuku a banja lina lakale mu mzinda wa Gorizia. M'caka ca 1994, pokumbukira zaka 500 za Summa, boma la Italy linaika nkhope yake pa ndalama ya citsulo ya 500 lire, ndipo m'mwezi wa June 2019 limodzi mwa mabuku oyamba aja a 1494 linagulitsidwa ku New York pa mtengo woposa madola 1,200,000.